Gwafa wa pa mchombo wanga

Ndinali ndi zaka khumi pamene adada aakulu, mkulu wawo wa malemu bambo anga, anadula gwafa wanga. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwira.

Tinkakhala kumtunda kwa Chiweta, kwawo kwa bambo. Amayi anali a ku Dedza, ndipo bambo atamwalira, mawu awo pamudzipo anasanduka a mlendo. Mtengowo bambo anaubzala pamalo pomwe anakwirira mchombo wanga. Ndinkaukwera ndikapsa mtima, n'kumadya zipatso zake zosapsa ndi mchere.

Chaka chimenecho mango a adada, omwe ankagulitsa kwa apaulendo pamsewu, anagwa mphutsi. Kunja osalala bwinobwino, koma ukangodina ndi chala, mkati muli phala lonunkha, tinthu toyera tikuphiriphitha. Mlangizi wa zaulimi atabwera, anafotokoza kuti kantchentche kena kamaboola khungu la chipatso n'kuikira mazira. Mu mango ndi mu gwafa mphutsi zimanenepa msanga, pomwe mu mandimu zambiri zimafera m'khungu lowawa lija. Chipatso chikagwa, mphutsi imalowa m'dothi, n'kudzatuluka ili ntchentche. Mango akatha, ntchentchezo zimasamukira ku gwafa kukadikira nyengo ina.

"Muzitola zipatso zonse zakugwa, muzikwirira m'dzenje lakuya. Basi," anatero mlangizi.

Pa zonsezo adada anamvapo liwu limodzi lokha: gwafa. M'mawa mwake anatulukira pakhomo pathu ndi nkhwangwa.

"Alamu, chonde, mtengowu ndi wa mwana," amayi anapempha atagwada.

"Mwana ngwathu, dothinso ndi lathu. Mango anga athe chifukwa cha kamtengo aka?"

"Nanga magwafa a kuseri kwa nyumba yanu aja?" ndinafunsa ine.

"Aja ndi ofiira mkati, ntchentche siziwakhudza. Iwe chete!"

Eti ofiira mkati! Bodza lopanda ndi manyazi omwe. Nkhwangwa inalira, mtengo unagwa, fungo la masamba ake linadzaza bwalo lonse. Amayi anangoti, "Yewo, alamu." Yewo ameneyo, zikomo wa Chitumbuka, anandipweteka kuposa nkhwangwa.

Nyengo yotsatira mango anaola kuposa kale, chifukwa zakugwa palibe anazitola. Kuwerama kunawakulira adada. Lamulungu lina, ali pakhonde ndi anzawo a kutchalitchi komwe anali mkulu wa mpingo, ndinathyola gwafa wawo wofiira uja, ndinamung'amba pakati, ndinamuika pambale n'kukawapatsa nditagwada mwaulemu wonse. Mphutsi zinali yakaliyakali. Alendo anayang'ana kumbali, wina anadzitsokomoletsa.

Amene anandikwapula si adada, ndi amayi. Ankandimenya misozi ikutsika. Atatha anandikhazika pamiyendo pawo.

"Wanena zoona, mwanawe. Koma akatithamangitsa pano, tilowera kuti?"

Nthawi imeneyo ndinawakwiyira amayi kwambiri, ndinkawayesa amantha. Lero ndine mayi, ndipo ndikudziwa kuti yewo uja ankatetezera denga lathu. Ndili ndi mango ndi magwafa anga ku Rumphi boma. M'mawa uliwonse ndimawerama n'kutola zakugwa, ndipo sindinadulepo mtengo ngakhale umodzi.

Adada anamwalira osapepesa, ndipo sindinama kuti ndinaiwala. Ntchentche ija inkangofuna chipatso chofewa choti ana ake akuliremo. Sinkadziwa kuti uwu ndi mtengo wa mkulu wa mpingo, uwu ndi wa mkazi wamasiye. Amene ankadziwa zimenezo ndi munthu wa nkhwangwa.