Tadala, sindisamuka pamudzi pano

Tadala mdzukulu wanga, lero zakwana zaka ziwiri kuchokera pamene unatisiya. Dzulo ku mjigo mayi wina anabisa mwana wake kumbuyo nditamupatsa moni. Anthu akunenabe kuti ine gogo wako ndinakulodza. Ndiye amve, poti masiku a matenda ako ndinawawerenga ndipo anali khumi ndi limodzi. Anayi oyamba chinali chimfine, chomwe chinagwiranso anthu ena asanu ndi awiri pamudzi pano. Kenako mutu unakula, unayamba kukomoka ndi kubwebweta. Kuchipatala anakuyeza malungo kawiri osawapeza, ndipo adokotala anandifotokozera kuti chimfinecho chinatupitsa ubongo. Zimachitika mwa apo ndi apo, koma zinagwera iwe.

Tsiku lachisanu ndi chitatu unadzuka pabedi n'kuyamba kuwokera mpunga pabulangete, ngati uli kudambo kwathu ku Malengachanzi. Unandiyang'ana osandizindikira, n'kunena kuti, "Mayi inu, mwangoima? Madzi aphwa awa." Ndinawerama n'kuwokera nawe mizere itatu, mpaka unamwetulira n'kugona. Anzathu awiri amene anabwera kudzakuzonda anaima pakhomo, ndipo pofika kumudzi anati anandipeza ndikuchita zamatsenga pa iwe. Mizere itatuyo ndikhoza kuiwokeranso lero, mudzi wonse ukuonerera. Amalume ako akuti ndikakhale nawo ku Dwangwa mpaka anthu aiwale. Ndawayankha kanayi konse kuti ayi. Pakhomo pano ndidzachoka atandinyamula, kukandigoneka pafupi ndi iwe.