Chitini pa Paipi ya Utsi

Ndikamva fungo la utsi wa dizilo pa depoti ya Balaka, mutu umandiwawa ngati tsiku lija.

Tinkachokera ku Ntaja pa chigalimoto chakale cha abambo, chija chokoka ndi matayala onse anayi. Kunkagwa mvula, ndiye tinatseka mawindo onse. Kumbuyo tinakhala awiri, ine ndi mng'ono wanga Esinati. Maso ankandiyabwa, kukhosi kukuwawa. Esinati atagona ndinamufunditsa chitenje mpaka kumutu, n'kukhala chete kuti asadzuke.

"Esinati wangoti zii bwanji?" anafunsa abambo.

"Wagona."

Abambo anaponda buleki, n'kumutulutsira Esinati pamvula, n'kuyamba kumuwomba mapama. Ndinakuwa kuti, "Musiyeni, sanalakwe!" Esinati anasanza, kenako analira.

Abambo analowa kunsi kwa galimoto, m'matope momwemo. Anang'amba chitini cha nsomba, n'kukulunga pomwe paipi ya utsi inabooka n'kumalowetsa utsi mkati, n'kumanga ndi waya. Tinafika ku Balaka mawindo ali otsegula, titanyowa, ine nditawakwiyira njira yonse.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa chimene chinkanjenjemeretsa manja a abambo pomanga waya uja. Sikunali kuzizira iyayi.