Malonje Amene Anagwetsa Ufumu wa Alamu Anga

Ndiyambe ndi kupepesa kwa aliyense amene awerenge izi. Ine sindine wolemba. Sukulu ndinaphunzira kumudzi kwathu kum'mawa, kumene buku limodzi tinkawerenga anthu anayi, ndipo mpaka lero ndikagwira cholembera m'manja mumatuluka thukuta. Komanso nkhani yake ndi ya masewera a pafoni, moti ena aseka. Palibe kanthu. Ine inandisowetsa mtendere milungu itatu.

Nditamaliza giredi 12 ndinabwera ku Kafue kudzakhala kwa alongo anga ku Nangongwe. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, ine ndinkagona pabalaza. Amayi ponditsanzika anandiuza kuti ndizikumbukira kuti nyumbayo ndi ya alamu, ndisawakwiyitse. Alamuwo ankagwira ntchito kufakitale ina, ndipo anali atalonjeza kuti kukadzafunika anthu a ganyu adzanditchula kwa kapitawo. Chimene ndinkachiopa kuposa zonse chinali kubwezedwa kumudzi chimanjamanja, anthu n'kumafunsa kuti ndalakwanji.

Alamu anali munthu wosalankhulalankhula. Mowa sankamwa, mpira sankaonera. Akaweruka ankakhala pakhonde ndi foni, n'kulowa m'dziko lina la mafumu, malinga ndi zinjoka zamapiko. Anyamata ambiri a m'tauni muno ankasewera masewera omwewo, ndipo maufumu awo anali moyandikana pamapu amodzi. Panali magulu awiri odana, a mbendera yofiira kumapiri ndi a mbendera yakuda kugombe. Pakati pawo panali chigwa, ndipo m'chigwamo munali ufumu wa alamu, wa mbendera yoyera. Iwo sankamenyana ndi munthu. Ankalima tirigu ndi kukumba chitsulo, n'kumagulitsa kwa ofiira ndi akuda omwe mosakondera. Magulu onse awiri anali atapangana kuti chigwa asachikhudze.

Anandipatsa foni yawo yakale yong'aluka galasi, n'kundimangira kamudzi pakhomo pa chigwacho, ka nyumba zisanu ndi asilikali a mikondo makumi awiri. Anandiphunzitsanso za chishango. Ukachiyatsa, palibe angakuthire nkhondo kwa maola asanu ndi atatu. Iwo ankachiyatsa m'mawa uliwonse asanalowe pageti, chifukwa kuntchito kwawo mafoni onse amatsala pageti m'timabokosi tokhoma. Tsiku lina ndinawafunsa kuti amavutikiranji popeza pangano lilipo.

"Pangano ilipo, mulamu," anatero. "Koma sibonse bamene bamagona na pangano mu mutu."

Ndinkapemphera kutchalitchi ina ya ku Estates. Kumeneko mtsogoleri wa kwaya ya achinyamata, amene ankaimba kiyibodi, ndiye analinso mfumu ya ofiira. Aliyense ankamuti ba lida. Ine ndinkaima mzere wakumbuyo, ndipo miyezi iwiri inatha asanandilankhulepo. Ndinkalakalaka atangodziwa kuti ndilipo.

Apa ndifotokoze za kwathu, kuti mumvetse kupusa kwanga. Kumudzi wamkulu akakufunsa za kumene wachokera, suyankha mawu amodzi. Umapereka malonje. Umayamba ndi mmene mwadzukira, n'kunena amene akudwala, amene wachoka ndi kumene wapita, mpaka mbuzi imene yaswa. Kudumpha kanthu ndi mwano. Kuno munthu amangoti shani, kutanthauza kuti bwanji, mnzake bwino, aliyense ulendo. Ine ndinali ndisanazolowere.

Lachinayi lina titamaliza kuyeserera nyimbo, ba lida anandikodola, n'kunditchula mwaiche, mmene kuno amaitanira wamng'ono.

"Mwaiche, bwela. Si ndiwe mulamu wa ba mfumu ba mu chigwa? Kunyumba kuli shani?"

Ndinaima bwinobwino, manja kumbuyo, n'kuyamba. Ndinati alongo anga chimfine chawaleka. Ndinati madzi pampopi akubwera m'mamawa mokha, ndipo Loweruka malaiti kwathu adzazima tsiku lonse. Ndinatinso Loweruka lomwelo alamu adzawonjezera maola chifukwa wina wapita kumaliro, adzalowa sikisi koloko m'mawa n'kutuluka sikisi madzulo.

Anyamata amene ankapinda zingwe za zoimbira anayamba kuseka.

"Uyu ni wailesi," anatero wina. "Tiuzeko na vamene munadya mailo."

"Musiyeni, ali na ulemu," anatero ba lida. Iye sanaseke. "Sikisi mpaka sikisi, ai? Balimba ba mudala."

Kenaka anandipatsa kiyibodi kuti ndimunyamulire mpaka kumsewu. Ndinapita kunyumba ndikuimba.

Loweruka kunatentha kwambiri. Masana ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa, foni ili m'thumba. Thu koloko itangopitirira, inayamba kunjenjemera osaleka. Ndinapukuta manja n'kuyang'ana. Pamapu panali mizere yofiira yambiri, yonse yochokera kumapiri, yonse yolunjika m'chigwa. Pamwamba pa mizereyo pankauluka zinjoka zitatu. Ndinayang'ana mzinda wa alamu, ndipo kuwala kwa chishango kuja kunalibe.

Ndinakhala pansi pamadzi a sopo. Ndinaimbira alamu ngakhale ndinkadziwa kuti foni yawo ikulira yokha m'kabokosi. Ndinaganiza zothamangira kufakitale, koma ndi kutali, ndipo mlonda wa pageti sakanandimvera. Pagalasi panali malo oti ndikhudze kuti asilikali anga makumi awiri apite kukathandiza. Sakanapulumutsa kanthu, koma alamu akanaona kuti ndinayesa. Ba lida nayenso akanaona. Chala changa chinaima m'mwamba nthawi yaitali. Mapeto ake ndinavundikira foni pamwala, n'kupitiriza kufikisa malaya omwe ndinali nditawachapa kale.

Nditaitembenuza, linga linali litagwa. Nkhokwe zonse zinali mbee, minda ikufuka utsi, ndipo pansanja panali mbendera yofiira. Pamalo pamene osewera onse amalemberana, ba lida anali atalemba kuti, "Pepani ba chigwa, njila ya ku gombe ipita pali imwe. Ni nkhondo chabe." Ndi pamene ndinawerenga pazala, kuyambira sikisi koloko, maola asanu ndi atatu. Ndinawerenga kawiri.

Alamu anafika dzuwa litangolowa. Anali ataona kale ali m'minibasi. Anakhala pakhonde osavula nsapato.

"Mulamu, sunaoneko vamene vinachitika?"

"Batire inatha," ndinatero. "Malaiti kunalibe."

Anangogwedeza mutu. Chifikireni m'nyumba imeneyo ndinali ndisananamepo, ndipo ndinadabwa kuti bodzalo linatuluka mosavuta chotero.

Alongo anga anawauza kuti ndi gemu chabe, adye. Koma mawa lake tikusadzula ndiwo anandiuza motsitsa mawu kuti ufumuwo alamu anauyamba chaka chimene ntchito yawo yakale inawathera. Anzawo ankakhalira kumowa, iwo ankakhala pakhonde n'kumamanga nkhokwe. Zaka ziwiri, tsiku ndi tsiku.

"Nikamakamba ati ni gemu chabe, nifuna chabe badye," anatero. "Iwe usakambeko."

Alamu sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Ankangoganiza. Tsiku lachitatu tikudya ananena kuti ofiira sakanasonkhanitsa asilikali onsewo mwangozi, alipo amene anawauza za Loweruka. Kenaka anatchula mnzawo wa kuntchito, amenenso ankasewera ndipo mphwake anali kwa ofiira.

"Munthu nadya naye mbale imozi zaka zonse izi," anatero. "Manje azadya yekha."

Ndinayang'ana m'mbale. Ndinamva mpumulo, ndipo mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinkandidzidzimutsa. Foni ya alamu ikalira ndinkati ndi munthu akuwauza. Akandiitana kuti ndiwapatsire madzi, ndinkafika ndikuganiza kuti adziwa. Ndinkapolisha nsapato zawo kawiri patsiku, kusesa pabwalo posesedwa kale, mpaka alongo anga anafunsa ngati ndikudwala. Lamulungu tikulowa m'tchalitchi, ba lida anandigwira paphewa.

"Kazitape wathu wafika," anatero akumwetulira. "Lelo uimilile kusogolo."

"Ati chani?" anafunsa alongo anga.

Ndinati ndi nthabwala za kukwaya. Anandiimikadi mzere wakutsogolo, malo amene ndinkawalakalaka, koma mawu sanatuluke. Ndinkangoyendetsa milomo, maso ali pa alongo anga. Sabata yotsatira ndinati m'mimba mukupweteka, sindinapite.

Sabata yachitatu alamu anabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba, kapitawo akufuna anthu a ganyu mwezi wamawa, ndipo dzina langa alipereka. Alongo anga anaomba m'manja. Yachiwiri anainena ngati yosafunika. Mnzawo uja anawapempha kuti asinthane shifiti chifukwa mwana wake ali kuchipatala, iwo anakana.

"Apemphe ba mbendela yofiila," anatero.

Ndinathokoza za ntchitoyo mogwada, monga ndinaphunzitsidwira. Koma nkhani ya mwanayo sinandichoke. Sindinkamudziwa, ngakhale dzina lake, komabe ndikatseka maso ndinkaona bambo ataima pamakina, foni yake ili m'kabokosi pageti.

Patapita masiku awiri linali tsiku la holide yokumbukira ufulu wa dziko, alamu anali pakhomo. M'mawa ndinapinda zovala zanga zonse m'chikwama, n'kuchiika kuseri kwa chitseko. Ndinawapeza pakhonde akusoka lamba wa nsapato. Ndinagwada patali pang'ono. Kenaka ndinanena zonse, za Lachinayi, za sikisi mpaka sikisi, za foni imene ndinavundikira pamwala.

Anapitiriza kusoka mpaka ulusi unatha.

"Ba lida banakufunsa za shifiti?"

"Iyayi. Anangofunsa kuti kunyumba kuli bwanji."

"Na iwe unakamba vonse."

"Inde."

"Na batile?"

"Inali ndi moto."

Apa ndi pamene anandiyang'ana. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo, ndipo ndinadikira mawu oti ndinyamuke.

"Vija vokamba-kamba ni va kumunzi chabe, uzaleka," anatero. "Iyi ya batile ndiye yanibaba. Unaniona nikuzonda munzanga, iwe uli zii, ukudya."

Misozi inkagwera pasimenti. Iwo anaimirira kuti alowe m'nyumba, ndipo potsegula chitseko anapunthwa pachikwama.

"Chola ni cha chani?"

"Ndimati mwina mundiuza kuti ndizipita."

"Kuti bapongozi banga bamvele ati nakupitikisa pa nkhani ya gemu? Bweza mukati. Uvale nsapato, tiyenda kwa munzanga. Uzakamba wekha pamenso pake."

Tinayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, iwo patsogolo ine pambuyo. Njira yonse ndinkaopa kuti bamboyo andimenya. Tinawapeza panja, mwana uja atatuluka m'chipatala, atagona pamphasa. Ndinagwadanso n'kubwereza zonse pamaso pa iwo, akazi awo ndi aneba amene anabwera kudzamvetsera. Bamboyo anandiyang'ana, kenaka anatembenukira kwa alamu.

"So iwe unaniyesa mfiti chifukwa cha uyu?"

Alamu anavula chipewa n'kupepesa. Ndinali ndisanawaonepo akupepesa munthu, ndipo zinandipweteka kuposa kumenyedwa. Mnzawoyo sanaseke, sanawagwirenso chanza, koma anauza akazi awo kuti atulutse mipando iwiri.

Pobwerera alamu anatambasula dzanja, ine ndinawapatsa foni ija. Anati dzina langa kwa kapitawo alichotsa, ndidikire ulendo wina, aone kaye ngati pakamwa panga paphunzira potsegukira ndi potsekera. Ufumu wawo sanaumangenso. Chikwama ndinachimasula madzulo omwewo, alongo anga akuyang'ana, ndipo ndinayala mphasa yanga pabalaza monga mwa masiku onse. Nkhaniyi inathera pamenepo, pa 24 Okutobala.