Manambala a Makolo mu Kope la Mapulani

Anzake kukoleji ankamutchula Choko, poti buluku lake linkangokhala mbuu ngakhale Lamlungu. Mayi ake anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo malaya oyera amene anavala popita kukayeserera uphunzitsi anasoka ndi iwowo, uku akuuza aliyense wodutsa kuti kwawo kwatuluka mphunzitsi.

Mnyamatayu ankaphunzitsa bwino, tisamunamizire. Chinamulowa ndi kubetcha mpira pafoni, ndipo nthawi zonse ankati wangophonya ndi timu imodzi. M'thumba mutauma, mnzake wogona naye chipinda chimodzi anamuonetsa njira. Choko anakopera manambala a makolo kuchokera mu rejisitala ya kalasi, nagula simu ina, n'kumawaimbira ngati dokotala: mwana wanu wagundidwa ndi galimoto, tumizani ya mankhwala msanga. Manambalawo anawalemba kumapeto kwa kope la mapulani a phunziro, ndipo kholo lililonse lotumiza ankalichonga ndi bolopeni yofiira. Dzanja la mphunzitsi silimva, likaona mzere limachonga.

Chichitireni zimenezi sanapezenso mtendere. Ahedi akangomuitana, ankangoti basi wagwidwa. Ankadziwa kuti zikaululika, satifiketi yapita, kotsala ndi kupolisi.

Lachiwiri lina kunabwera a lekichala kudzamuyesa, mayi a magalasi osaseka wamba. Mwa lamulo, woyesa amakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope la mapulani. Choko anapereka yekha ndi manja awiri, ndipo anakumbukira za tsamba lija atalemba kale mutu pabolodi: Kukhulupirika.

Anaphunzitsa maso ali pa zala za mayiwo. Tsamba, tsamba, tsamba. Choko chinathyoka kawiri, ana n'kuseka. Malaya a mayi ake aja ananyoweratu kumsana. Kenako zala zija zinaima, ndipo sizinatsegulenso tsamba lina mpaka belu linalira.

Ana atatuluka, a lekichala anamukodola.

"Aphunzitsi, ochongedwawa akhoza chiyani?"

"Ndi makolo amene ndawauza za msonkhano, madamu."

"Ahedi akuti kulibe msonkhano temu ino. Akutinso makolo asanu anafika pano akulira, kufunsa za ana ali bwinobwino m'kalasi."

Anatulutsa foni yawo, naimba nambala yoyamba yochongedwa, n'kumupatsa.

"Akumbutseni za msonkhanowo."

Choko anailandira. Nambalayo ankaidziwa, inali ya mayi a kamtsikana kokhala kutsogolo, kamene kamamufufutira bolodi.

"Halo, mayi, muli bwanji?" anatero.

Mayi a kamtsikanako anayankha motsitsa, koma a lekichala anamva bwinobwino.

"Mawu amenewa sindingawaiwale. Ndinu munati mwana wanga sakupuma."