Thobwa Losasa la Amayi Anga

Amayi anga adadulidwa mumpingo chifukwa cha thobwa. Ndikanena zimenezi anthu amaseka, koma ine mpaka lero zimandiwawa.

Tinkakhala kumapiri a ku Ntchisi, chakumtunda kwa Malomo. Bambo atamwalira munda udawakulira amayi, ndipo chaka chimenecho udzu udatsala pang'ono kumeza chimanga. Choncho adaitana dima kuti anthu a m'mudzi adzawathandize kupalira. Ena pa dima amafulula mowa, koma amayi adali Mkhristu wa bulauzi yoyera, wosajomba ngakhale mapemphero a pakati pa sabata. Iwo adaphika thobwa la mawere. Tsoka ilo, pa tsiku la dimalo kudabwera uthenga woti aliyense apite ku msonkhano wa chipani. Masiku amenewo sunkafunsa kuti nanga munda wanga. Amayi adamanga chitenje n'kukavina. Kenako kudagwa mvula yamvumbi. Pamene anthu ankafika ndi makasu, thobwa lija lidali litasasa, likuwira lokha m'mbiya.

Amayi atalilawa adati alitaye, koma olima adakana. Adamwa, ndipo ena adabwerera kwawo akuyankhula mokweza. Pakati pawo padali mkulu wa mpingo wa dera lathu, yemwenso adali tcheyamani wa chipani. Ndidamuona ndi maso angawa akupendeketsa chipanda mpaka kuloza kumwamba, n'kupukuta ndevu, n'kupempha china. Yemweyo ndiye adakauza akulu anzake kuti mayi wamasiye uja wayamba kufulula mowa.

Pa bwalo la akulu a mpingo palibe adawaikira kumbuyo amayi. Ndani akadatsutsa munthu wa baji pachifuwa, woti akakuloza chala mawa lake galimoto ili pakhomo? Adawadula. Adawauza kuti avule bulauzi, asadye mgonero, azikhala pa benchi ya kumbuyo mpaka akulu atakhutira kuti alapa.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'choti amayi adavomera. Lamulungu lililonse ankatsika phiri kukakhala pa benchi ya manyazi ija, mkulu uja ali kutsogolo akutsogolera nyimbo ndi mawu ake a mbuzi.

"Amayi, mukukapembedza chiyani kumeneko?" ndinkalalata. "Wokuweruzaniyo adamwa kuposa onse!"

"Iwe, ine sindipita kwa iye ayi," ankandiyankha.

Koma tsiku lina la mgonero ndidawapeza kuseri kwa nkhokwe akulira. Adandigwira mkono nati, "Kodi Mulungu nayenso wandidula, mwana wanga? Ndikapemphera, mawu akungondibwerera." Inenso anga ankandibwerera.

Chibayo chidawatenga m'nyengo yozizira, asanabwezeredwe. Lamulo lidali loti wodulidwa saimbiridwa nyimbo pa maliro, ndipo salalikiridwa. Abusa adali kutali, koma ndidamva kuti mkulu wa dera akadafuna akadawatumizira mawu. Ndidapita kwa mkuluyo. Ndidamupeza m'chigafa akusankha fodya, ndipo ndidagwada, ine amene ndinkalakalaka kumulavulira.

"Abambo, nyimbo imodzi yokha. Inu mukudziwa kuti lidali thobwa."

Sadatukule mutu. "Mayi, ine ndimangosunga malamulo. Akadalapa msanga."

Nditabwerera pa siwa, amalume adandiitanira pambali. Adali mlongo wawo wa amayi, munthu wa gule wamkulu, amene sadapondepo m'tchalitchi.

"Iwe, mlongo wanga saikidwa ngati galu," adatero. "Anzako a buku aja amutaya. Tangovomera, ng'oma zilire, timulire mwathumwathu."

Kunena zoona ndidakopeka. Ndidafuna ng'oma zilire mpaka m'chigafa muja, zimugonthetse makutu. Ndidafuna fumbi likwere, mudzi wonse udziwe kuti pamwalira munthu. Koma amayi adasiya za gule akadali mtsikana, ndipo adapirira benchi ija kuti afe ali Mkhristu. Ndidakana. Amalume adandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Amayi tidawanyamula mwakachetechete. Amayi a mpingo adabwera m'zitenje wamba, milomo ali chitsekere, ena misozi ikutsika. Anthu amene amayi adaimba nawo pa maliro a midzi yonse ya m'phirimo adangoti ndwii, kuopa kudulidwa nawonso. Ndidadana nawo onse tsiku limenelo, ndipo Mulungu ndidamuikanso pa gulu lomwelo. Kumanda kunkangomveka makasu a adzukulu.

Atatha kukwirira, amalume adandiyandikira, maso ali psuu.

"Wakondwa? Ife watikana, iwo akukana. Ndiye mlongo wangayu wamupereka kwa yani?"

Ndidati, "Kwa Mulungu, amalume."

Ndakalamba ndikupempherabe, mgonero ndimadya, koma sindikudziwabe ngati ndidanena zoona, kapena ndinkangofuna kuti amalume akhale chete.