Tsiku Limene Ndinapepesa Galu wa Bwana

Ndivomere lero: ine ndinalemekezapo galu.

Nthawi imeneyo ndinkathyola tiyi pa esiteti, koma mtima unali pa ukapitawo. Tsiku lina ndinavala thalauza langa la ku tchalitchi n'kupita kunyumba kwa a manijala kukapempha udindowo. Ndisanaodire n'komwe, chigalu chawo, dzina lake Simba, chinandigwira katumba, thalauza n'kung'ambika mpaka m'bondo.

A manijala anatuluka. "Kwagwanji, bambo?"

Kwathu ku Khonjeni galu wotere timamugenda. Koma uyu anali wa bwana, ndiye pakamwa panayankha pokha.

"Palibe, bwana. A Simba amangondilonjera. Ndawadzidzimutsa ndine."

Ndinatembenukira galuyo, magazi akuyenderera m'nsapato, n'kuwomba m'manja. "Pepani, akuluakulu."

Za ukapitawo sindinazitchule n'komwe. Tsoka lake mlonda wa pakhomopo anamva zonse, ndipo nkhani inakafika kwa mkazi wanga ine ndikadali kuchipatala.

Nditafika kunyumba ndikutsimphina, ndinaitana mkazi wanga mwaukali. "Iwe, tanditenthetsera madzi!"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pa bandeji.

"Ooh? Galu ndi a Simba, ine ndine iwe?"

Madziwo ndinatenthetsa ndekha, nditaima ndi mwendo umodzi.