Nambala ya malemu a Fackson

Ife a ku Thyolo sitidziwa kukana mlendo. Wamalonda akabwera ku esiteti pa tsiku la malipiro n'kuyala nyale zake za sola pachiguduli, timamuzungulira, timayamikira, timafunsa mtengo ngati kuti ndalama tatenga kale m'manja. Akati, "Mundipatseko nambala yanu ndidzakuimbireni," palibe amene amati ayi, chifukwa kukana n'kuchititsa manyazi munthu woti wayenda mtunda. Ndiye nambala timaperekadi, koma ina imakhala yoperewera kumapeto, ina ya simu yomwe inagwera m'chimbudzi chaka chatha, ina ya apongozi. Wamalonda uja amabwerera ku boma akumwetulira, osadziwa kuti theka la zomwe wanyamula ndi mphepo.

Ntchito ya Vailet inabadwa chifukwa cha ulemu wathu womwewu. Pa sitolo ina yaing'ono yogulitsa nyale za sola pa boma la Thyolo, iye ndi amene amayamba kuyesa manambala onse otoleredwa m'misika ndi m'maesiteti. Amaimba imodziimodzi kuti amve ngati ikulowa, komanso ngati woyankhayo ali mwini dzina. Iye sagulitsa kanthu. Akatsimikiza kuti nambala ndi yamoyo, amaipereka kwa Douglas, wamalonda wa pasitolopo, munthu woti angakugulitseni bulangete mu Okutobala inu n'kumuthokoza.

Vailet anakulira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti. Amayi ake anali otchola tiyi, ndipo nayenso atalekeza sukulu anabereka dengu kumsana. Anatchola tiyi mpaka msana unayamba kukana, ndiye mnzake wa kutchalitchi anamulozera kusitolo kuja. Alipo anthu amene amati ntchito yakeyi ndi yaulesi, kumangokhala pampando n'kumadina foni. Amenewo sanayambe atukwanidwapo m'mawa ndi mayi wansanje wofuna kudziwa kuti mkazi wofunsa amuna akeyu ndi wa kuti. Vailet amatukwanidwa, amapepesa, amafotokoza modekha, mpaka mayi uja pomaliza amafunsa yekha mtengo wa nyale.

Sathamangira kunena chomwe waimbira. Amayamba ndi moni, ndipo akamva lilime la Chilomwe amatembenukira komweko, munthu n'kumasuka. Khutu lake limamveranso zomwe zikuchitika kumbuyo kwa mawu. Akamva nyimbo za maliro amapepesa, amadula, n'kuuza Douglas kuti khomo limenelo alisiye kaye. Ine ndimati chifundo chotere sachiphunzitsa pa ntchito iliyonse, munthu amachita kubadwa nacho.

Chinthu china chomwe Vailet amachidziwa bwino ndi kafedwe ka nambala. Ikakhala nthawi yaitali mwini wake osaimba, osaikamo mayunitsi, imayamba kumangoti sikupezeka. Pakapita miyezi imadzalowanso, koma woyankha amakhala mlendo wa chigawo china, chifukwa a kampani ya mafoni aipereka kwa wina. Zimenezi sanaziphunzire kusitolo kokha. Amayi ake atamwalira, anaimba nambala ya amalume ake a ku Milanje, kutsidya kwa malire, omwe ankagwiritsa ntchito simu ya kuno, ndipo inayankhidwa ndi munthu wa ku Mzuzu yemwe sankadziwa n'komwe kuti Milanje ili mbali iti. Maliro anaika popanda mwini mbumba, ndipo chilonda chimenecho sichinapole.

M'mawa wina wa chiperoni, Douglas anakutumula chikwama chake n'kupezamo manambala akale omwe anatolera ku Khwethemule n'kuwaiwala. Vailet anayamba kuwayesa. Ambiri anali akufa, monga ankayembekezera. Atafika pa dzina la Fackson, foni sinamalize n'komwe kulira koyamba.

"Justice? Justice, ndiwe?" anatero mawu a mayi, akupumira m'mwamba.

Vailet anati, "Pepani amayi, si Justice. Ndine Vailet, ndikuimba kuchokera ku boma. Ndimafuna a Fackson."

Kunkangomveka nkhuku chapatali. Mawu aja atabwereranso anali atafooka. "A Fackson anatisiya, mwanangu. Tinaika mvula isanayambe."

Apa ntchito ya Vailet inali itatha. Chotsala chinali kupepesa ndi kudula. Koma mmene mayiyo anatchulira dzina lija zinamukhudza, moti anafunsa kuti Justice ndi ndani.

Mayiyo anali a Teleza, mkazi wa malemuwo, ndipo Justice anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Anapita ku Joni kukasaka ntchito, ndipo poyamba ankaimba pa foni ya bambo ake. Kenako anangoti zii, chaka n'kupyola. Nambala yake yakumeneko inasiya kulowa. Za imfa ya bambo ake sankadziwa, ndipo nambala yokhayo ya kumudzi yomwe anailoweza pamtima inali yomweyi. A Teleza ankaikulunga foniyo m'pepala la shuga kuopa mame, n'kuimangirira pachifuwa akamatchola tiyi m'kamunda komwe malemuwo anasiya. Ikatha moto ankakatchajitsa kometera, iwo ali chiimire pomwepo.

"Amayi," anafunsa Vailet, "chimwalirireni abambo, munaimbirapo munthu pa foniyi? Munaikamo mayunitsi?"

"Ndiimbire ndani, mwanangu? Komanso ndikamayankhula ndi ena, Justice angaimbe nthawi yomweyo n'kupeza ndatseka njira. Ine foni iyi sindiigwiritsa ntchito, ndi ya mwana wanga basi."

Mayiyu ankaisamala nambalayo m'njira yomwe inali kuipha. Simu yake inalembetsedwa m'dzina la munthu amene anali kumanda, moti ikanangotsekedwa, kuibweza ikanakhala nkhani yaitali. Ndipo tsiku lomwe Justice akanakumbukira kwawo, akanayankhidwa ndi mlendo. Vailet anayesa kufotokoza pa foni pomwepo, koma a Teleza anayamba kukayikira. Anali atamva kutchalitchi za akuba amene amaimba n'kumati dinani apa, dinani apo. Anatsanzika mwaulemu n'kudula.

Douglas, yemwe ankamvera ali pakhomo, anali atayamba kale kutikita manja mokondwa. "Imeneyo ndiye nambala, achemwali! Yoyankhidwa isanalire n'komwe. Mayi okhala okha kumudzi, nyale akuifuna amenewo. Ndipatseni."

"Iyi sindikupatsani, achimwene," anatero Vailet. "Ndi yamoyo, koma si yathu. Ikangolira, mayi aja amayesa mwana wawo. Ine ndawaswa mtima kamodzi lero, inu mukufuna mukawaswenso mawa chifukwa cha nyale?"

Douglas ndi wapakamwa, koma si woipa mtima. Anakanda m'mutu, anayang'ana kunja, n'kuti, "Ndiye mukufuna titani?" Lamulungu lotsatira anamukweza Vailet pa njinga yake yamoto, akudandaula njira yonse za mafuta ndi matope ofiira, mpaka anafika ku Khwethemule.

Anafunsira kutchalitchi, anthu n'kuwalozera nyumba ya njerwa zosawotcha yomwe inali pakati pa nthochi. A Teleza sanali nkhalamba ayi. Anali mayi wamphamvu zake, zala zawo zitada ndi utomoni wa tiyi. Vailet ataona zalazo anatambasula zake, zomwe zinali zisanayererebe, ndipo a Teleza anaseka. Anayala mphasa, ndipo kukayikira konse kunathera pomwepo.

Vailet anafotokoza pang'onopang'ono mmene nambala imafera. A Teleza anamvetsera, koma anaumirirabe pa mfundo yawo yoti njira iyenera kukhala yotsekula. Apa Vailet anawauza za amalume ake a ku Milanje, za munthu wa ku Mzuzu uja, ndi za maliro a amayi ake. Ananena misozi ikulengeza, osaibisa.

"Amayi, Justice akapeza muli pa foni, adzaimbanso madzulo. Koma akayankhidwa ndi munthu wachilendo, sadzaimbanso, chifukwa alibe nambala ina."

A Teleza anayang'ana foni ili m'manja mwawo. Kenako anati, "Nanga ine ndiziimbira ndani? Anzanga onse ndimaonana nawo kumunda."

"Muziimbira ine."

Vailet anaikamo mayunitsi, anasungamo nambala yake, n'kuwaphunzitsa podina. A Teleza ankadziwa batani lobiriwira lokha, ndipo chala chawo chozolowera kutchola chinkadina mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. Anabwereza mpaka foni ya Vailet inalira pamphasa pomwepo, Douglas n'kuwomba m'manja ngati wagulitsa nyale. Anagwirizana kuti Lamulungu lililonse a Teleza akaweruka kutchalitchi aziimba, ngakhale kungopereka moni.

Masabata oyambirira a Teleza ankaimba ngati munthu wothawa mvula. "Ndine, mwanangu. Ndadula." Vailet asanayankhe, foni inali itaduka kale. Koma pang'onopang'ono moni uja anayamba kutalika. Anayamba kufunsa za msana, kunena za nandolo yemwe wagwidwa ndi mbozi, za kwaya yomwe yagawanika chifukwa cha yunifolomu. Mayunitsi ankagula okha tsopano, akagulitsa nthochi. Tsiku lina kondakitala wa minibasi anatula pasitolo kathumba ka nyemba za kalongonda, ati katumizidwa ndi amayi a ku Khwethemule.

Mvula inabwera, tiyi anaphuka, mvula inatha. Justice anali zii. Douglas ankamuseka Vailet kuti kasitomala wake uja sanagulebe nyale mpaka pano. Vailet ankaseka nawo, koma mumtima ankaopa. Ku Joni anthu amafa osadziwika, ena amakwatira n'kuiwala kwawo, ndipo iye ankadzifunsa ngati sakungowonjezera masiku a chiyembekezo chopanda pake. Zimenezi sanawauze a Teleza. Lamulungu lililonse ankayankha mosangalala, chifukwa anaona kuti si kwa iye kutseka khomo la mwana wa munthu.

Lachitatu lina masana, ali pakati poyesa manambala a ku Thekerani, foni yake inalira. Inali nambala ya malemu a Fackson. Anachita mantha, chifukwa a Teleza sankaimba pakati pa sabata, ndipo foni yobwera tsiku losayenera nthawi zambiri imanyamula uthenga wa maliro. Anayankha.

"Mwanangu," anatero a Teleza. "Waimba."

Vailet anaimirira osadziwa kuti waimirira. "Justice? Ali moyo?"

"Ali moyo. Akuti anamutsekera chifukwa cha mapepala, foni anamulanda. Atatuluka ankachita manyazi kuimba alibe choti atitumizire. Lero walimba mtima. Akuti podina amaopa kuti ayankha munthu wina, poti papita nthawi." Anapuma kaye. "Ndiye atamva mawu anga wati, 'Amayi, apatseni foni ababa.'"

Vailet anagwira pakamwa.

"Ndamuuza, mwanangu. Ndamuuza ine mayi wake, ndi pakamwa panga, sanamvere kwa anthu a m'njira. Walira ngati khanda, ine ndikulira kuno. Akuti abwera adzaone manda."

Vailet analira pamaso pa makasitomala, osasamala. Ankalirira a Teleza, ankalirira Justice, komanso ankalirira amalume ake omwe foni yotere sinawapeze. Douglas, munthu wosasowa chonena, anatuluka n'kukayamba kupapasa tayala la njinga lomwe linalibe vuto lililonse.

Masiku otsatirawo Vailet anadziuza kuti mbali yake yatha. Nambala ija inali itapeza mwini wake, ndipo sinkafunanso munthu woisunga. Anakondwa, koma kunena zoona Lamulungu linamuvuta. Ataweruka kutchalitchi anaika foni patebulo n'kuyamba kuchapa, akudziletsa kuiyang'ana.

Sanafike potsukuluza, inalira.

"Mwanangu, msana uli bwanji lero?" anafunsa a Teleza. "Ndamuuza Justice kuti ali ndi mlongo wake ku boma, asabwere chimanjamanja. Akufunsa kuti mankhwala opaka kumsana aja dzina lake ndi chiyani."

Vailet anapukuta thovu la sopo pachitenje, anakhala pansi pakhonde, ndipo zochapa zija zinadikira mpaka mayunitsi a a Teleza atatha.